Chala Chachikulu Chimene Chinandilanditsa Mchere

Ndinatsikira kuchigwa cha Luangwa ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, ufulu utangobwera, anthu akadasokoneza ndalama zatsopano ndi mashereni akale. Kwathu ndi kumtunda, cha ku Katete, kumene munthu umagona utafunda. Kuchigwa ndinapeza kutentha koti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Amuna anga anali Mkunda wakomweko, ndipo ananditenga chitengwa kukakhala pamudzi pa amayi awo, kutsidya kwa Jumbe ukamalowera kumtsinje. Pamene pali bwalo la ndege la Mfuwe lero panali mitengo ya tsanya ndi akashembe basi. Chikunda ndinkachimva mwapatalipatali, ndiye apabanja ankandilankhula Chinyanja, koma akafuna kundinena ankabwerera kuchilankhulo chawo.

Masiku amenewo boma linaona kuti njovu ndi mvuu zachuluka, zikutha mitengo ndi minda, ndiye linkapha zina n'kumatumiza nyama kumatauni. Amuna anga anali mmodzi wa osenda ndi kudula. Minofu inkakwera malole, koma chiwindi, impso, mtima ndi matumbo zinkatsalira antchito. Ine amene ndinakulira nkhwani ndi chigwada ndinayamba kuphika chiwindi chachikulu kuposa lichero, chochita kudula ndi chikwanje. Madzulo anzawo akuntchito ankasonkhana pansi pa mvunguti wa paseri pa nyumba yathu, kuwotcha impso ndi kutsitsira mowa wa mapira. Amuna anga ndiwo anali mwini bwalo, wogawa nyama, woseketsa anthu. Sindinama, ndinkanyadira kukhala mkazi wawo.

Mwana wathu woyamba atayamba kukwawa, tsiku lina kutacha amuna anga analephera kuponda pansi. Chala chachikulu cha phazi lamanja chinali chitatupa pamene chimalumikizana ndi phazi, chofiira, chonyezimira, chotentha ukayandikiza dzanja. Mwamuna wosenda njovu analira ngati mwana nditangokhudzitsa nsonga ya chitenje. Ndinaseka poyamba, Mulungu andikhululukire, chifukwa kanthu kake kanali kochepa poyerekeza ndi phokoso. Kenako ndinatenga phini n'kuyamba kufufuza thekenya. Sindinalipeze. Ndinafuna munga, ndinayang'ana ngati chikhadabo chalowa m'mnofu, ndinawafunsa ngati anapunthwa pachitsa, koma zonsezo ayi. Ndinawathowa ndi madzi ofunda ndi masamba a nsatsi, iwo akunditukwanira amalume anga onse. Patapita masiku chinaphwa chokha, iwo n'kubwerera kuntchito ndi kumvunguti kwawo.

Chinabweranso nyengo yokolola thonje, kenako chinabweranso dzuwa litafika poswa mtengo, ndipo ulendo uliwonse chinkakhalitsa kuposa poyamba. Nsapato zantchito sizinkalowa. Kapitawo wawo anawakweza palole kupita nawo kukachipatala ka mishoni. Kumeneko kunali bambo wina wa Chibemba wotumizidwa ndi boma, amene tonse tinkangomutcha adokotala ngakhale kuti anali wothandizira chabe. Amuna anga anabwerako ndi timapiritsi toyera. Ndinawalandira ndi madzi akumwa n'kufunsa kuti, "Atate ake mwana, akuti n'chiyani?"

"Akuti sakuonapo kanthu," anatero akuyang'ana kumbali. "Angondipatsa tomwera utu."

Mawu amenewo apongozi anga anawamva ali pakhonde pawo. Kuchigwa, monganso kwathu, chipatala chikati sichikuona kanthu ndiye kuti matendawo ndi akumudzi. Apongozi sanali munthu woipa. Anali mayi wolimba, wamasiye, amene mwana wake wamwamuna anali yekhayo, ndipo ankamuona akutsimphina mtima uli m'mwamba. Anayamba ndi zodziwika. Anaitana wotema mphini, chala chinatemedwa n'kupakidwa mankhwala akuda, chinangowonjeza kutupa. Anati mwina waponda zotchera za anzake ansanje kuntchito, anasambitsa phazi pamphambano, osathandiza. Atatha zonsezo maso awo anatembenukira kwa ine.

Anandiitana masana ena kuseri kwa nkhokwe, mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, atakhala pambali. Ndinagwada monga mwa ulemu.

"Amake mwana," anatero apongozi, "ise kuno munthu akatupa mapazi popanda chilonda timafunsa kukhitchini. Ndani amathira mchere m'ndiwo za mwana wanga?"

"Ndine, amama."

"Nanga mumathira muli bwino?"

Mwambo umenewo ndinkaudziwa, anandilangiza kuchinamwali. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, amapempha wina. Koma choopsa kwambiri ndi mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake. Ameneyo amamudula, ndipo mwamunayo amayamba kutupa mapazi. Matendawo ndiwo mdulo. Za kumwezi ndinkasunga bwinobwino ndipo apongozi ankadziwa. Chimene ankafunsa chinali chinacho.

Ndinalumbira, ndinalira, ndinatchula mayi anga ondibala. Mlamu anangoti, "Nanga aphunzitsi aja mumaseka nawo panjira?" Pasukulu ya pafupi panabwera mphunzitsi wa kwathu kumtunda, ndipo tikakumana tinkapatsana moni m'Chichewa chathu, n'kufunsana ngati mvula yagwa ku Katete. Munthu ukakhala kuchilendo, mawu akwanu amakoma. Mlandu wanga wonse unali umenewo.

Sanandipitikitse. Anachita chimene iwo ankati ndi chifundo. Anatenga chigubu changa cha mchere n'kuchipereka kwa mlamu, n'kulamula kuti ndiziphika ndithu, koma ndiwo zikapsa ndiziitana iye adzathire. Nyumba ya mlamu inali kutsidya kwa bwalo. Ndiye tsiku lililonse, masana ndi madzulo, ndinkaima pakhomo pa khitchini n'kukuwa kuti, "Alamu, ndiwo zapsa!" Mudzi wonse unkamva. Mkazi kuitanitsa mchere masiku ochepa pamwezi palibe amadabwa, koma mwezi wathunthu, wina n'kubwera, ngakhale wogontha amadziwa tanthauzo lake. Mlamu sankafulumiranso. Ankabwera akudzikoka, chigubu chili m'khwapa, n'kuthira mchere wochuluka dala kuti anthu adziwe dzanja lake.

Kuchitsime ndikafika nkhani zinkaduka. Amayi amene ndinkasinja nawo mapira anayamba kundiyankha moni ndi mphuno. Kutchalitchi mayi wina anasuntha mwana wake kuti asakhale pafupi nane. Mphunzitsi uja ndikamuona patali ndinkapatuka kulowa m'munda wa thonje, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anamva chifukwa chake. Ndinali ndekha, kwathu kuli kuseri kwa mapiri, wondiikira kumbuyo palibe.

Amuna anga okha ndiwo ankanditonthoza. Tikakhala awiri ankati, "Amake mwana, ine ndikudziwa kuti mulibe mlandu. Asiyeni akuluakulu achite zawo, zidzatha zokha. Limbani mtima." Ndinkawathokoza, inu! Ndinkati ndili ndi mwamuna wondikhulupirira pamene abale ake onse andida. Ndipo pofuna kuwabwezera mphamvu, popeza matenda anali atawafooketsa, ndinkawasankhira chiwindi chonona, kuwaphikira msuzi wa impso, kuwasungira mowa wabwino kwa mayi wofulula. Chala chikatupa ndinkakhala pansi phazi lawo lili pamiyendo panga, ndikulikupiza ndi chivundikiro cha poto. Ndikakumbukira zimenezo mtima umandiwawabe ngakhale tsitsi langa layera.

Mvula itayamba mwana anatsegula m'mimba, ndipo ndinamubereka kupita naye kukachipatala kaja. Tinakhala pamzera pansi pa mtengo mpaka dzuwa linafika pamutu. Adokotala anali munthu wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi, wolankhula Chinyanja chopotoka chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi. Atamuona mwana n'kundiuza zochita, anandifunsa mudzi umene ndachokera ndi ntchito ya atate ake. Nditayankha anavula magalasi.

"Kanshi ndimwe akazi a uja wa chala? Mayo, imwe mufuna kumupaya mwamuna wanu?"

Kupaya m'kalankhulidwe kawo ndiko kupha. Ndinati basi, nkhani ya mdulo yafika mpaka kuno. Ndinayamba kulumbira kuti sindinayendepo ndi mwamuna wina. Bambo uja anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Mwamuna wina wa chani? Ine nikamba za chiwindi! Abwera kuno three times, chala chili so, nikamufunsa akuti akazi anga ndiwo aleka kumvera, aphika chabe za m'mimba. Ninamuuza tsiku loyamba, iyi ni gauti. Auze madamu aleke chiwindi, impso, matumbo, na tunsomba tuma small. Mowa aleke. Amwe madzi maningi."

Iye poona kuti sindikudziwa kanthu anakhazika mtima pansi n'kundifotokozera bwino. Anati nyama zam'kati ndi mowa zimasiya zinyalala m'magazi, zimene mwa anthu ena thupi limalephera kuzitaya ndi mkodzo. Zinyalalazo zimakaundana m'mfundo ngati timchenga takuthwa, ndipo zimakonda mfundo ya chala chachikulu. N'chifukwa chake chimatupa popanda bala, n'kuphwa, n'kubweranso munthu akadya phwando. Anati chikatupa osachithowa ndi madzi otentha kapena kuchitema, koma kuchikweza pamwamba, kuchiika nsalu yonyowa yozizira ndi kumwa mapiritsi aja. Anati mapiritsi amangoziziritsa ululu, mankhwala enieni ali m'mbale.

Ndinafunsa funso limodzi lokha. "Adokotala, munawauza liti?"

"First day, mayo. Pamene anabwera pa lole."

Njira yobwerera sindiikumbuka bwino. Ndimangokumbukira matope akumata kumapazi ndi mwana akulemera kumsana. Tsiku la lole linabwera tsiku la kuseri kwa nkhokwe lisanafike. Ndiye kuti pamene amayi awo ankandifunsa ngati ndimathira mchere ndili bwino, amuna anga anali atadziwa kale. Pamene ndinkakuwa pabwalo kuitana mlamu, iwo anali gone pamphasa akumva, dzina la matenda awo lili m'kamwa. Ndipo kuchipatala ankakanena kuti wosamva ndine. Anandigwiritsa fuwa lamoto mbali zonse ziwiri.

Ndinawapeza pansi pa mvunguti ali okha, phazi atalisanjika pamtondo wogwetsa. Anandifunsa za mwana. Sindinagwade tsiku limenelo. Ndinaima chiimire n'kuwauza zonse zimene ndinamva, mawu ndi mawu. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena akwiya, kapena agwidwa manyazi. Iwo anangokanda kumutu n'kuseka pang'ono.

"Amake mwana, taganizani. Amama akanamva zimenezo mukuona ngati chiwindi chikanalowanso pakhomo pano? Akanauza mudzi wonse, palibe akanandipatsa ngakhale chipanda chimodzi. Ine wogawira anthu nyama ndizikhala pano ndi mbale ya therere, anzanga akuwotcha? Ndikanasanduka choseketsa."

"Nanga ine sindinasanduke choseketsa?"

"Zanuzo n'za masiku ochepa. Za akazi zimaiwalika."

Ndinakhala ndikuganiza kwa zaka zambiri kuti mwina akanakhala ndi chifukwa chachikulu ndikanapirira. Akanati ankaopa kuchotsedwa ntchito, kapena ankandikayikiradi pansi pa mtima, ndikanamvetsa. Koma sanandikayikire ngakhale pang'ono. Anaika dzina langa mbali ina, chiwindi cha mvuu ndi mowa mbali ina, n'kuona kuti cholemera ndi chiwindi.

Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti akanene okha pamaso pa amayi awo. Anati chabwino, mawa. Mawa linabala mawa linzake. Nditatopa ndinadikira tsiku Lamulungu titaweruka kutchalitchi, apongozi ndi mlamu ali pakhonde akusola mtedza, amuna anga ali pampando pafupi. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za timchenga m'mfundo, za mowa, za tsiku la lole. Mlamu ndiye anayamba kuyankha.

"Chiwindicho tonse timadya. Bwanji ine chala changa chili bwino? Bwanji amama? Chasankha alongo anga okha?"

Ndinati adokotala ananena kuti si thupi lililonse. Apongozi anati munthu wa Chibemba wobwera dzulo sangadziwe matenda a kuchigwa. Koma ndinaona kuti mawu anga awalowa, chifukwa anasiya kusola mtedza. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kumufunsa m'Chinyanja, dala kuti nane ndimve.

"Iwe, n'zoona? Anakuuza zimenezi?"

Ndinawayang'ana amuna anga m'maso, zimene mkazi sachita pamaso pa apongozi. Mawu amodzi okha akanakwana. Iwo anawerama n'kuyamba kusisita phazi lawo.

"Aaa, amama, achipatala amalankhula zambiri. Chinyanja chawonso n'chovuta kumva. Ine sindikumbuka bwino."

Apongozi anandiyang'ana, kenako anabwerera kumtedza wawo. Mlamu anaseka n'kunena kanthu m'Chikunda. Nthawi imeneyo ndinali nditachidziwa mokwanira kumva kuti akuti wogwidwa sasowa ponamizira.

Sindinachite phokoso. Mkati mwa sabata ndinachapa zovala zawo zonse, ndinasinja mapira, ndinazira nyumba. Kenako ndinamanga kamtolo kanga, ndinabereka mwana, n'kuyenda mpaka kumsewu wa ku Chipata kumene ndinakwera lole ya katundu. Ndinkadziwa kuti kuchoka kwanga akutenga ngati kuvomera mlandu, ndipo anaterodi. Ndinamva pambuyo pake kuti ankati ndathawa manyazi. Koma kukhala kunali kuvomeranso, kawiri patsiku, mokuwa.

Kwathu amalume anamva nkhani yonse n'kupukusa mutu. Ena mwa amayi aang'ono ankati ndabwerera chabe, mwamuna sanandimenye, sanandimane chovala, nyama inali yosatha, ndikufunanso chiyani? Sindinawayankhe, chifukwa iwo sanaimepo pakhomo pa khitchini yawo kupempha mchere kwa mlamu.

Amuna anga anabwera nyengo yozizira, chimanga chili m'nkhokwe. Anatsika basi ndi ndodo, phazi lamanja lili m'nsapato yodula kutsogolo, ataonda. Mwana sanawazindikire. Anakhala ndi amalume pabwalo, ine ndili pamphasa chapatali. Anati kuyambira pamene ndinachoka chala chinafika poipa, chinakwera mpaka m'bondo, anagona mwezi wathunthu. Anati tsopano chiwindi analeka, mowa amangolawa, ndipo akupeza bwino. Anati amayi awo ndiwo awatuma, akuti mdzukulu abwerere, zakale zithe. Analankhula mofatsa, ndipo ndikuvomera kuti mtima wanga unayamba kusungunuka, chifukwa munthuyo ndinkamukonda.

Amalume anandifunsa maganizo anga. Ndinati, "Atate ake mwana, popeza chiwindi mwaleka, amama munawauza kuti mwalekeranji?"

"Ndinati chandikola."

"Nanga kuchira kwanuku iwo akuti kwachokera kuti?"

Anazengereza. Amalume anabwereza funsolo. Ndipo anayankha motsitsa mawu kuti kumudzi akuti achira chifukwa wowadula anachoka, koma amukhululukira.

Ndinawauza kuti ndibwerera nawo mawa lomwe, ndi mwana, ngati atalonjeza pamaso pa amalume kuti tikakafika akaimirira pabwalo lomwe lija n'kunena zimene adokotala anawauza tsiku loyamba. Tsopano panalibenso chowaopsa, nyama anali atasiya kale, mowa ankangolawa. Chotsala chinali kungotsegula pakamwa.

Anayang'ana amalume, anayang'ana mwana, n'kupuma mozama.

"Amake mwana, anthu aja anakukhululukirani kale. Mukufuna ndikaoneke wabodza pamaso pa mayi anga?"

Ndinawaphikira nkhwani zotendera, anadya bwino, anagona kwa amalume. Kutacha ndinawanyamulira chikwama mpaka pokwerera basi, chifukwa ndi ndodo ija sakanatha. Basi itafika anakwera n'kundisungira malo pambali pawo, dzanja lili pampando. Ndinawapatsira chikwama pawindo n'kubwerera kunyumba.